Nsalu Yobiriwira ndi Nkhope ya Munthu

Lero tikambirana za nchito ya anthu amene nkhope zao simuziona pa wailesi ya kanema, ngakhale kuti zonse zimene mumapenya pamenepo zimayamba zadzera m'manja mwao. Anthuwa ndiwo okonza zithunzi za kanema.

Ndiyambe ndi funso. Ambiri a inu munaonapo wolengeza za nyengo ataima patsogolo pa mapu akulu, akuloza kumene mvula idzagwa mawa, mitambo ikuyenda kumbuyo kwake. Kodi mutaloledwa kulowa m'cipinda cimene iye waimamo, mungapezemo ciani? M'nyumba zambiri zoulutsira kanema simungapezemo mapu ai. Mungapeze cipupa kapena nsalu yobiriwira ngati munda wa cimanga wa m'Januwale, yopanda cilembo ngakhale cimodzi. Munthuyo amaloza pa nsalu yopanda kanthu, uku akuyang'ana cam'mbali pa galasi lina laling'ono limene limamuonetsa ataima pa mapu. Mapuwo amaikidwa ndi makina, ndipo makinawo amangotsata lamulo limodzi: paliponse pamene pali pobiriwira, cotsapo, uikepo mapu.

Luso limeneli, lophunzitsa makina kusankha mtundu umodzi pakati pa mitundu yonse ya m'cithunzi, lili ndi nchito ziwiri. Mtundu wosankhidwawo ukacotsedwa kuti pamalo pake palowe cithunzi cina, eni nchito amati keying, kapena chroma key. Ukasiyidwa pomwepo koma n'kusinthidwa, mwina kuti uwale, mwina kuti uzilale, mitundu inayo osakhudzidwa, amati secondary colour correction. Maina acingereziwa asakuopseni. Nchito ziwirizi ndi mapasa, ndipo mukamvetsa imodzi mwamvetsa inzake. Ndiponso ndikamati "mtundu" m'nkhani ino sindikunena za Acewa, Ansenga kapena Angoni ai. Ndikunena za kufiira, kubiriwira, cikasu ndi zina zotere.

Poyamba tiyenera kudziwa m'mene makina amaonera cithunzi. Ca m'ma 1666, Isaac Newton wa ku England anapyoza kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, ndipo kuwalako kunatuluka kutagawika m'mitundu ya utawaleza. Kuwala koyera, tsono, ndi msonkhano wa mitundu yambiri. Mu 1802 Thomas Young anaganiza kuti diso la munthu lili ndi zolandirira kuwala za magulu atatu cabe, ndipo lero tikudziwa kuti sanalakwe: m'kati mwa diso muli timaselo tina tomva bwino kuwala kofiira, tina kobiriwira, tina kwa buluu, ndipo ubongo ndiwo umaluka mauthenga atatuwo kukhala mitundu yonse imene timaona. Mu 1861 James Clerk Maxwell anatsimikizira zimenezi pamaso pa anthu ku London. Kansalu ka mawangamawanga kanajambulidwa katatu, kupyolera m'cosefera kuwala cofiira, cobiriwira ndi cabuluu. Atawalitsa zithunzi zitatuzo pamalo amodzi, mitundu ya kansaluko inaoneka.

Galasi la wailesi ya kanema, la kompyuta ndi la foni limatsata nzeru yomweyo. Aphunzitsi, ngati pa sukulu panu pali galasi lokulitsira zinthu, lisendezeni pafupi ndi malo oyera a pa kompyuta kapena pa kanema, ana asuzumire mmodzimmodzi. Adzaona kuti poyerapo si poyera konse. Pali tinyale ting'onoting'ono, tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, titandandalika m'mizere. Tonse titatu tikayaka, diso limaona kuyera; kofiira ndi kobiriwira tikayaka tokha, diso limaona cikasu. Mwana amene anasakanizapo utoto adzakana, nati wofiira ndi wobiriwira amabala mtundu wa matope. Musamdzudzule, akunena zoona. Utoto umameza kuwala, conco ukasakanizidwa umanka nuda. Nyale imatulutsa kuwala, conco zikaphatikizana zimanka ziwala.

Kadontho kalikonse ka cithunzi, kamene amakachula kuti pixel, kompyuta imakadziwa ndi manambala atatu: yoyamba ya kufiira, yaciwiri ya kubiriwira, yacitatu ya buluu. Kawirikawiri nambala iliyonse imayambira pa 0, ndiko kuti nyale yazima, kulekeza pa 255, ndiko kuti yayaka ndi mphamvu yake yonse. Motero 0, 0, 0 ndi mdima. 255, 255, 255 ndi kuyera. 0, 255, 0 ndi kubiriwira kopanda cosakaniza. A Giredi 7 aculukitse 256 ndi 256, yankholo aliculukitsenso ndi 256. Adzapeza 16,777,216, ndiko kuculuka kwa mitundu imene manambala atatuwa angathe kuchula. Cithunzi cimodzi ca kanema wamakono cimakhala ndi timadontho 1,920 mopingasa ndi 1,080 coimirira, tonse pamodzi 2,073,600, ndipo pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 25.

Tsopano tibwerere kwa wolengeza za nyengo uja. Makina a keying sadziwa kuti uyu ndi munthu, iyi ndi nsalu. Amangofunsa kadontho kalikonse funso limodzi: kodi nambala yako ya kubiriwira yaposa kwambiri manambala ena awiriwo? Kadontho ka pa nsalu kangayankhe kuti 40, 180, 70, ndipo kubiriwira kwatsogola kutali. Kadontho ka pa tsaya kangayankhe kuti 120, 80, 60, ndipo apa kufiira ndiko kwatsogola. Ndi mayankho amenewa makina amapanga cithunzi cina cimene oonera sacionetsedwa, cakuda ndi coyera cokhacokha, cochedwa matte. Munaonapo m'mene olemba zikwangwani amadindira malembo: amaboola malembo pa katoni, naigoneka pa cipupa, napaka utoto, ndipo utoto umadutsa poboola pokha. Matte ndi katoni yotere. Poyera pake munthu amasungidwa, pakuda pake mapu amalowa. Koma popeza munthu sakhala cete, katoniyi iyenera kuboolidwa mwatsopano ka 25 pa sekondi iliyonse.

Kukanakhala kuti pali kuda ndi kuyera kokha, nchito ikanakhala ya mwana. Bvuto lili m'mphepete. Taganizani za kadontho kamene kagwera pa nsonga ya tsitsi: theka lake ndi tsitsi, theka lake ndi nsalu. Taganizani za utsi, za tambula ya madzi, za nsalu yopyapyala ya mkwatibwi, za dzanja limene likuyenda mofulumira. M'zonsezi cakumbuyo cimaonekera pang'ono. Makina akangodziwa kuyankha kuti inde kapena iyai, munthu amaoneka ngati wadulidwa ndi lumo n'kumatidwa pa cithunzi. Cifukwa cake matte yabwino imakhalanso ndi mbali zotuwa, zimene zimati: apa tenga pang'ono kwa munthu, pang'ono kwa mapu. Anthu analimbana ndi kutuwa kumeneku kwa zaka zambiri.

Oyamba analibe kompyuta, analibenso mitundu. Anali ndi nsalu yakuda. Georges Méliès wa ku Paris, amene poyamba anali wocita masewera odabwitsa anthu, anapanga kanema wamfupi mu 1898 m'mene amazula mutu wake, kuuika pa tebulo, wina n'kumera pomwepo, kufikira mitu itakwana inai. Cinsinsi cake cinali cakuti cinthu cakuda sicisiya cizindikiro pa filimu, conco mbali imene yajambula cakuda imatsala yopanda kanthu, ndipo ungathe kubweza filimuyo ndi kujambulapo cina. Mu 1933, popanga kanema wochedwa The Invisible Man, wonena za munthu wosaoneka, anabveka wosewera nsalu yakuda thupi lonse, namuimika patsogolo pa nsalu yakuda, ndipo oonera anaona malaya akuyenda okha. Koma yakuda inali ndi bvuto lake, pakuti tsitsi ndi mithunzi nazonso n'zakuda. Pamenepo Lawrence Butler anagwiritsa nsalu yabuluu mu kanema wa The Thief of Bagdad wa mu 1940, m'mene muli kavalo wouluka ndi ciwanda cacikulu cotuluka m'botolo, ndipo analandira mphotho ya Academy Award. Koma amene ali ndi diso lakuthwa amaona kamzere ka buluu kozungulira anthu a mu kanemayo.

Amene anathandiza koposa kucotsa kamzereko ndi Petro Vlahos, injiniya wa ku America wobadwa kwa makolo acigiriki. Iye anazindikira kuti m'zinthu zambiri zimene timajambula, monga khungu ndi zobvala wamba, buluu saposa kubiriwira, pamene pa nsalu yabuluu amakuposa kutali. Ukacotsa nambala ina pa inzake, cotsalaco cimakuuza kuti m'kadontho aka muli nsalu yoculuka bwanji: yonse, theka, kapena pang'ono cabe. Ndiko kutuwa kuja kunali kufunika. Njira yakeyi inagwira nchito pa kanema wa Ben-Hur wa mu 1959, ndipo mu 1976 anayambitsa kampani ya Ultimatte yopanga makina ocita zomwezo pa wailesi ya kanema. Vlahos anamwalira mu 2013, koma masamu ake ocotsera aja akali m'mapulogalamu ambiri a lero.

Mwina wina afunse kuti, bwanji osagwiritsa nsalu yofiira kapena yacikasu? Yankho lili pa khungu lanu. Khungu la munthu aliyense, kaya wa ku Lundazi, wa ku China kapena wa ku Norway, limatenga maonekedwe ake ku zinthu ziwiri: magazi amene ali pansi pake ndi utoto wacibadwa wochedwa melanin. Zonse ziwiri zimagwera pakati pa kufiira ndi cikasu. Timasiyana m'kuda ndi m'kuyera, koma mtundu wake weniweni ndi wa banja limodzi. Nsalu ikanakhala yofiira, makina akanacotsa nsalu pamodzi ndi nkhope. Buluu ndi kubiriwira ndiyo mitundu imene ili kutali ndi khungu. Ndikudziwa kuti m'cinenero cathu, poyamikira munthu wakuda bwino wa khungu losalala, timati ndi wobiriwira. Amenewo ndi mau okoma a makolo, koma makina akamuyesa munthuyo sapezamo kubiriwira kwa msipu ai.

Nanga bwanji lero yobiriwira yaculuka kuposa yabuluu? M'makamera ambiri amakono muli kasefa kamene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anatulukira, kolembetsedwa mu 1976. Pa timaso tinai tiritonse ta kamera, tiwiri timaona kubiriwira, kamodzi kufiira, kamodzi buluu. Anatero potsanzira diso lathu, limene limamva kuwala kobiriwira koposa. Pa kuwala konse kwa cithunzi ca kanema, pafupifupi magawo 72 pa 100 amacokera ku kubiriwira, 21 ku kufiira, 7 okha ku buluu. Conco kamera imajambula nsalu yobiriwira mwaukhondo, ndipo nsaluyo siifuna nyale zambiri. Komabe yabuluu siinatayidwe. Tiyerekeze kuti mwana waima patsogolo pa nsalu yobiriwira atanyamula mbendera ya dziko lathu la Zambia. Kubiriwira kwa mbendera kukayandikana ndi kwa nsalu, makina sadzacita ulemu: adzacotsa thupi lonse la mbendera, n'kusiya nkhwazi ikuuluka payokha pamwamba pa mizere itatu, wofiira, wakuda ndi wa lalanje. Wobvala jezi yobiriwira ya Chipolopolo adzatsala mutu ndi mikono. Kwa otere, pacikani yabuluu.

Nchito ya keying imakoma kapena kuonongeka pa tsiku lojambula, isanafike pa kompyuta. Nsalu ikhale yosita, pakuti khwinya lililonse limabala mthunzi, ndipo pa mthunzi manambala amasintha. Kuwala kugwe mofanana pa nsalu yonse. Kwa amene alibe nyale, pakhonde kapena tsiku la mitambo ndi bwino kuposa dzuwa la masana. Munthu aime patali, ngati mamita awiri kucokera pa nsalu, kuti mthunzi wake usagwerepo, ndiponso cifukwa ca mdani wina wochedwa spill. Ana, tengani pepala lobiriwira, muliike pansi pa cibwano ca mnzanu muli pa dzuwa. Mudzaona cibwano cikubiriwira. Nsalu nayo imalabvulira kuwala kwake pa makutu, pa mapewa ndi pa tsitsi, ndipo makina amayamba kudya m'mphepete mwa munthu. Mapulogalamu ali ndi kacida kozimitsira spill, koma kakapyola muyeso khungu limasanduka lofiirira mosayenera. Pali bvuto linanso kwa ojambula ndi foni. Popeza diso limaona bwino kusiyana kwa kuwala kuposa kusiyana kwa mitundu, mafoni ambiri amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse, koma mtundu amausunga kamodzi pa timadontho tinai. Diso silidandaula, koma makina amene amadalira mtundu amadula m'mphepete mokhala ngati mano a sowo.

Tsopano tione mnzake wa mapasa uja. Cithunzi cikafika kwa wokonza mitundu, amayamba wakonza conse pamodzi. Kuwala kwa babu kumapendekera ku cikasu, kwa mumthunzi kumapendekera ku buluu. Ubongo wathu umakonza wokha, n'cifukwa cake shati yoyera timaiona yoyera kulikonse, koma kamera iyenera kuuzidwa. Kukonza koyambaku kuli ngati mcere wa mumphika: ukathira, wafika pa ndiwo zonse. Koma nthawi zina conse cili bwino, cinthu cimodzi cokha ndico calakwika. Mwina thambo layera mbee, mwina nkhope yalowa mdima. Apa mcere sungathandize. Pafunika kukhala pansi ndi licero, monga amacitira amai posankha nyemba, kutola zofunika kutola ndi kusiya zinazo. Kumeneko ndiko kukonza kwaciwiri.

Posankhapo wokonza amafunsa mafunso atatu, ndipo citenje cidzatithandiza kuwamva. Funso loyamba: citenjeci n'ca mtundu wanji, cofiira kodi, kapena cabuluu? Laciwiri: mtunduwo ndi wakupsa bwanji? Citenje cofiira catsopano ndi cinzake cimene cacapidwa ndi kuyanikidwa zaka zitatu, zonse n'zofiira, koma cina cazilala. Lacitatu: cawala bwanji? Citenje comweco cimaoneka mwina pa dzuwa, mwina m'nyumba. Eni nchito amachula zitatuzi kuti hue, saturation ndi luminance. Wokonza amaloza pa cinthu cimene akufuna, naika malire pa mafunso onse atatu, ndipo kompyuta imatola timadontho tonse togwera m'kati mwa malirewo. Mu pulogalamu ya DaVinci Resolve kacida aka amati qualifier. Mu Adobe Premiere Pro amati HSL Secondary. Akafuna kuona zimene watola, pa galasi pamabwera cithunzi cakuda ndi coyera. Ndi matte yomwe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano poyerapo sadulapo, amangopakapo.

Mphamvu ya nchitoyi inaoneka poyera mu 2000, pa kanema wa O Brother, Where Art Thou? wa Joel ndi Ethan Coen. Nkhani yake inafuna dziko louma, la fumbi, koma anajambula ku Mississippi m'miyezi imene mitengo ndi udzu zinali zobiriwira kwambiri. Wojambula wao, Roger Deakins, analowetsa filimu yonse m'kompyuta, ndipo kubiriwira kwa masamba kunasinthidwa kukhala cikasu ca udzu wouma, nkhope za anthu zikali ngati za anthu. Kwathu kuno tinganene kuti anajambula m'Febuluwale naonetsa Sepitembala. Anali mmodzi wa makanema aatali oyamba kukonzedwa mitundu pa kompyuta kuyambira poyamba mpaka pothera.

Koma musayese kuti n'zapafupi. Tiyerekeze kuti mtsikana wajambulidwa ataima patsogolo pa kalasi ya njerwa zoocha, pa bwalo la dothi la katondo, ndipo wokonza akufuna kuwalitsa nkhope yake yokha. Akaloza pa tsaya, kompyuta idzatola tsaya, idzatolanso njerwa, dothi ndi citseko ca thabwa, pakuti zonsezi zili m'banja lomwelo la pakati pa kufiira ndi cikasu. Akapanikiza malire kuti njerwa zituluke, mbali zina za nkhope nazo zimatuluka, ndipo kukonzako kumagwera mwa apo ndi apo ngati zipere, zipere zake zophethira cithunzi cikamayenda. Mankhwala ake ndi kuonjezera funso lacinai, la malo. Wokonza amajambula mkombero wozungulira nkhope, umene amaucha window, nauza kompyuta kuti itole za m'kati mokha. Kenaka kacida kena kamatsata nkhopeyo kulikonse ipita. Potsiriza amafewetsa m'mphepete kuti pokonzedwa ndi posakonzedwa pasaoneke msoko. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nchito iyi wopupuluma amadziwika msanga.

Ndacedwa dala pa nkhope, cifukwa kwa ife nkhani imeneyi ili ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera makina ao. Pa khadipo panali mkazi wacizungu, ndipo makhadi onse otere anadziwika ndi dzina lakuti Shirley, dzina la woyamba kujambulidwapo. Wotsuka akakonza makina ake kufikira nkhope ya Shirley itaoneka bwino, nchito yatha. Zotsatira zake mungazione m'zithunzi zakale za m'mabanja ambiri, m'mene munthu wakuda amangooneka maso ndi mano. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, amene anafufuza nkhaniyi ndi kuilemba mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze filimu yake anali opanga mipando ndi opanga cokoleti, odandaula kuti mitundu ya matabwa ndi ya cokoleti siinali kusiyanitsika pa zithunzi zao za malonda. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990.

Makamera a lero ndi abwino kuposa filimu ya masiku amenewo, koma bvuto silinathe. Jambulani ana obvala mashati oyera pa dzuwa: kamera idzasamala shati, nkhope n'kuzisiya mumdima. Mukawalitsa cithunzi conse, nkhope zidzaoneka koma mashati adzapserera. Kukonza kwaciwiri ndiko kumatha kukweza nkhope zokha, mashati ali momwemo. Ndipo kuti wokonza asanyengedwe ndi maso ake, amene amatopa ndi kuzolowera, ali ndi coyesera cochedwa vectorscope, cozungulira ngati wochi. Mtundu uliwonse uli ndi mbali yake, ndipo ca pa 11 koloko pali kamzere kamene khungu la anthu onse limagwera pafupi nako. Khungu likapatuka kwambiri pa kamzereko, ndiye kuti nsalu, babu kapena cipupa calidetsa. Taonani kuti coyeseraci sicinena kanthu za kuda kapena kuyera kwa munthu. Zimenezo zili m'manja mwa wokonza. Apa ndinene maganizo anga. Alipo ena amene amagwiritsa cida comweci poyeretsa oimba ndi akwatibwi kufikira amai ao sangawazindikire. Kwa ine kumeneko si kukonza, ndi kubwezera Shirley pa cipupa. Wokonza waluso amacotsa mdima umene kamera inaika, nasiya kuda kumene munthu anabadwa nako, pamodzi ndi kunyezimira kwake.

Kale zida zimenezi zinali m'nyumba zazikulu za makanema zokha. DaVinci inagulidwa mu 2009 ndi kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia, ndipo patapita zaka ziwiri panatuluka mtundu wake waulere. Pa foni, mapulogalamu monga CapCut ndi KineMaster ali ndi chroma key. Palinso zida zatsopano zimene zinaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za anthu, zotha kudula munthu popanda nsalu iliyonse, ngakhale kuti zikali kupunthwa pa tsitsi ndi pakati pa zala. Ndipo opanga makanema akuluakulu ena akusiya nsalu: pa sewero la The Mandalorian la mu 2019, osewera anaima pakati pa zipupa za magalasi oonetsa malo a m'nkhaniyo, kotero kuti kuwala kogwera pa iwo kunali koyenera kale. Tanthauzo la zonsezi kwa inu ana n'lakuti mnyamata wa foni ndi nsalu ya mamita atatu angathe kudziimika ku London, kapena kuimika munthu wina pamalo pamene sanapondepo, ndipo cithunzico cidzafika pa foni ya makolo anu.

Aphunzitsi, phunziro ili mungalitsirize ndi lumo, ulimbo ndi manyuzipepala akale. Mwana aliyense adule munthu pa tsamba lina, ammate pa cithunzi ca malo ena, kenaka asinthane ndi mnzake, ndipo mnzakeyo afufuze zizindikiro zoulula kuti munthuyo ndi mlendo pamenepo. Ayang'ane m'mphepete mwa tsitsi, ngati mwatsala kamzere ka kumene anacokera. Ayang'ane mapazi, ngati apondadi pansi kapena akulendewera. Ayerekeze msinkhu wa munthu ndi wa citseko cimene waima pafupi naco. Koma makamaka afunse kumene dzuwa lili: ngati nkhope yawala kumanzere pamene mthunzi wa nyumba ukusonyeza kuti dzuwa lili kumanja, ndiye kuti m'cithunzimo muli madzuwa awiri. Zithunzi zimene zabvuta kwambiri kuzigwira muzipacike pa cipupa, ndipo eni ake afotokozere kalasi m'mene anasankhira tsamba loyenerana ndi linzake.